Kukhitchini Kwathu: mafunso anu pa shrimp scampi

Makalata ambiri a mwezi uno agwera pa mbale imodzi, shrimp scampi. Chakudyachi chinatchuka ndi Ataliyana amene anasamukira ku America: ma prawn (tinyama ta m'nyanja tokhala ndi makoko, timene ku America amatitcha shrimp) okazinga mu batala ndi mafuta a olive, adyo wambiri, vinyo woyera pang'ono ndi ndimu, n'kudyera pasta kapena buledi. Zopangira zake ndi zochepa, koma chiwaya chikatentha mulibenso mpata wothamangira chimene mwaiwala. Makalata ena tawafupikitsa.

FUNSO: Ndinalawa shrimp scampi nditapita kukaona mwana wanga ku America. Pobwera ndinagula ma prawn a mufuliza n'kuyesa ndekha, koma amatuluka olimba ngati mphira, ndipo pansi pa chiwaya pamadzaza madzi osakoma. Chonde ndiuzeni kaphikidwe kake kuyambira pachiyambi. Mayi wa ku Namiwawa, Blantyre.

YANKHO: Mayi, kulimbako ndi madziwo gwero lake ndi limodzi: ma prawn akukhalitsa pamoto. Nyama ya prawn ikamapsa imafinyika, ndipo ikapitirira muyezo imatulutsa madzi ake onse. Madzi mukuwaona pansi pa chiwayawo ndi amene anayenera kutsala mu nyama kuti ikhale yofewa. Ambiri amathira zonse pamodzi, ma prawn, adyo ndi vinyo, n'kumadikira kuti msuzi ulimbe. Msuzi umafuna mphindi 6 mpaka 8, pomwe prawn imafuna 3 basi. Ndiye ziwirizi ziphikidwe padera, zikakumane kumapeto. Pagona nkhani ndi pamenepo.

Za anthu 4 konzani izi: ma prawn osenda magalamu 500, timagawo 6 ta adyo, tija mumathyola kumutu wake, mafuta a olive masupuni aakulu 3, batala magalamu 60, vinyo woyera wosatsekemera theka la kapu kapena kuti mamililita 120, ndimu imodzi yaikulu, parsley (masamba okometsera chakudya) wodzaza dzanja, tsabola wofiira wouma kota ya supuni ya tiyi, mchere supuni ya tiyi imodzi ndi soda wophikira kota ya supuni ya tiyi. Ngati mukugula ma prawn okhala ndi mitu ndi makoko, gulani kilogalamu yathunthu, chifukwa mitu ndi makoko zimatenga pafupifupi theka la kulemera kwake.

Makokowo musataye, ndiwo mwini kukoma. Mukasenda, akazingeni pamodzi ndi mitu mu supuni imodzi ya mafuta kwa mphindi 3 kapena 4 mpaka afiire, mukupsinja mituyo ndi mthiko kuti mafuta ofiira a m'katimo atuluke. Thiranipo madzi kapu imodzi ndi theka, awire pamoto wochepa kwa mphindi 10, kenako sefani. Musawiritse nthawi yaitali poganiza kuti msuzi ukoma kwambiri. Wa makoko ukapitirira mphindi 20 fungo lake labwino limathawa. Pa msuzi umenewu mufuna theka la kapu.

Prawn iliyonse ichekeni pamsana ndi nsonga ya mpeni, mozama mamilimita 2 kapena 3, muchotse kamzere kakuda kaja. Ndi matumbo ake. Sikadwalitsa munthu prawn ikapsa, koma mwa ma prawn aakulu kamakhala ndi mchenga wolumika m'mano. Mukatero apukuteni ndi kansalu koyera kapena pepala la kukhitchini mpaka aume ndithu, awazeni mchere ndi soda uja, muwaike mufuriji kwa mphindi 15 mpaka 30. Soda amathandiza nyama kugwira madzi ake, prawn n'kutuluka yonona koma yosafewa phwetephwete. Musapyole kota ya supuni, apo ayi mudzamva kukoma kwa sopo.

Pamene ma prawn ali mufuriji, dulani adyo mopyapyala, dulani parsley, palani khungu lachikasu la ndimu popanda kufika koyera kowawa kuja, finyani madzi ake masupuni aakulu 2. Batala mugawe pawiri: magalamu 20 akhale pafupi, magalamu 40 muwadule timabokosi n'kuwabwezera mufuriji.

Tsopano kumoto. Tengani chiwaya chotambalala, cha masentimita 28 kapena 30, chitenthe bwino, muthire supuni imodzi ya mafuta. Yalani ma prawn motalikirana, osasanjikiza. Magalamu 500 salowa onse nthawi imodzi, choncho akazingeni m'magulu awiri. Akapanikizana chiwaya chimazizira, madzi amatuluka, ndipo m'malo mokazinga mumakhala mukuwiritsa. Asiyeni osawagwedeza kwa mphindi imodzi mpaka imodzi ndi theka, atembenuzeni, mbali inayo mphindi imodzi yosakwana. Achotseni pamene pakati pamsana, pomwe munacheka paja, pakadali kotuwa pang'ono. Sanapse kwenikweni, ndipo n'zimene tikufuna. Adzamalizikira mu msuzi.

Chotsani chiwaya pamoto kwa theka la mphindi kuti chizizireko. Chibwezereni pamoto wochepa, muthire mafuta otsala, batala wa magalamu 20, adyo ndi tsabola. Adyo akangoyamba kununkhira ndi kuoneka wachikasu, zomwe zimatenga mphindi imodzi kapena kuposerapo pang'ono, thirani vinyo n'kukweza moto. Palani ndi mthiko zonse zomatirira pansi, chifukwa ndi zokoma zimenezo. Vinyo aphwe mpaka atsale theka, muthire msuzi wa makoko, uphwenso kwa mphindi 2 kapena 3. Mudziwa kuti wakwana mukakoka mthiko pansi pa chiwaya n'kutsala kanjira kosatsekeka msanga. Apa chepetsani moto kotheratu, muponye timabokosi ta batala wozizira tiwiritiwiri, mukugwedeza chiwaya mozungulira mpaka tisungunuke. Bwezerani ma prawn pamodzi ndi madzi amene atsikira m'mbale, akhalemo masekondi 30 mpaka 60. Zimitsani moto, thirani madzi a ndimu, khungu lake ndi parsley, lawani mchere.

Prawn yopsa bwino imapindika ngati chilembo C, ndipo nyama yake imayera mpaka pakati. Ikapindika mpaka mchira kukhudza kumene kunali mutu, yapsa mopitirira. Odya akhale ali kale patebulo musanabwezere ma prawn mu msuzi.

FUNSO: Msuzi wanga umalekana, mafuta pamwamba, timadzi pansi. Kodi ndi chifukwa chakuti ndimagwiritsa majarini? Bambo wa ku Lusaka.

YANKHO: Majarini ali ndi mlandu wake, Bambo, koma kawirikawiri wolakwa ndi moto. Batala ndi mafuta pafupifupi 80 peresenti, kotsalako ndi madzi ndi zotsalira za mkaka zimene zimagwirizanitsa mafuta ndi madziwo. Batala wozizira akamasungunuka pang'onopang'ono mu msuzi wotentha koma wosawira, mafuta ake amamwazika timadontho ting'onoting'ono, msuzi n'kukhala wosalala ndi wogwira supuni. Ukangowira mwamphamvu timadonthoto timaphatikana n'kuyandama. Chimodzimodzi ngati munaphwetsa vinyo ndi msuzi mpaka chiwaya kutsala pang'ono kuuma: mafuta amasowa madzi omwazikamo.

Kukonza kwake n'kosavuta. Chotsani chiwaya pamoto, thirani madzi ozizira masupuni aakulu 2, kapena madzi ophikira pasta ngati alipo, mugwedeze mwamphamvu, muonjezere kachidutswa ka batala wozizira. Msuzi ubwerera.

Kunena za majarini, wofewa wa m'kontena wopaka pabuledi uja ali ndi madzi ambiri ndipo amathetheka m'chiwaya. Wolimba wophikira amathekako, koma kukoma kwa mbaleyi theka lake ndi batala. Ngati batala wadula, ndi bwino kuchepetsa, magalamu 30 kumapeto ndi mafuta a olive koyambirira, kusiyana ndi kulowetsapo majarini. Ngati batala wanu ndi wamchere, chepetsani mchere wowaza ma prawn ndi theka.

FUNSO: Pamapaketi a m'sitolo pamalembedwa manambala monga 16/20 ndi 31/40. Ena ndi otuwa, ena ofiira kale. Nditenge ati? Achemwali a ku Area 47, Lilongwe.

YANKHO: Manambalawo amanena kuchuluka kwa ma prawn pa muyezo umodzi, ndiye nambala ikachepa ma prawn ake ndi aakulu. Kwa opanda mitu amalonda amawerengera pa paundi, yomwe ndi magalamu 454. Kwa okhala ndi mitu amawerengera pa kilogalamu. N'chifukwa chake mapaketi awiri a nambala yofanana amatha kukhala ndi ma prawn osiyana kukula. Pa scampi tengani 16/20 kapena 21/25 opanda mitu. Aang'ono a 31/40 amapsa asanapeze mtundu, ndiye ngati ndi okhawo alipo, masekondi 45 mbali iliyonse akwana.

Ofiirawo asiyeni. Prawn yaiwisi yambiri imakhala yotuwa kapena yobiriwira pang'ono, ndipo imafiira ikatenthedwa. Ofiira a m'paketi kawirikawiri anaphikidwa kale kufakitale, ndipo pa paketi pamalembedwa kuti cooked. Kuwakazinga n'kuwaphika kachiwiri. Ngati munagula kale, pangani msuzi wonse popanda iwo, muwaponyemo moto utazima kuti angofunda.

Tembenuzani paketi muwerenge kuseri. Choyamba yang'anani kulemera kopanda ayisi. Ma prawn amakutidwa ndi madzi oundana kuti asaume mufuliza, ndipo paketi yooneka ya kilogalamu ikhoza kutsika kwambiri ikasungunuka. Opanga ena amalemba miyezo yonse iwiri. Chachiwiri, pa zosakaniza mukaona sodium tripolyphosphate kapena E451, dziwani kuti ma prawn amenewo anamwetsedwa madzi. Ndi odyeka, koma amatulutsa madzi ambiri m'chiwaya ndipo ali kale ndi mchere, choncho musawathire soda ndipo mchere muchepetse. Chachitatu, gwedezani paketiyo. Ma prawn azimveka omasuka. Akakhala chibuma chimodzi, ndi ayisi wambiri wosonkhana pakona, ndiye kuti anasungunukapo n'kuumitsidwanso.

Posungunula, aikeni m'mbale yovindikira mufuriji usiku wonse. Mukafulumira, amangeni m'pulasitiki n'kuwamiza m'madzi ozizira kwa mphindi 20 mpaka 30. Madzi ofunda kapena dzuwa ayi: kunja kumayamba kuwonongeka m'kati mukadali gwa.

FUNSO: Ndimaphikira pambaula. Adyo amada msanga ndipo msuzi wonse umawawa. Nditani? Mayi wa ku Chipata.

YANKHO: Adyo wopserera alibe mankhwala, Mayi. Akada, tayani, pukutani chiwaya, yambaninso ndi wina. Kutaya timagawo 6 n'kwabwino kuposa kuwononga ma prawn. Mbaula ndi yabwino kwambiri pokazinga ma prawn chifukwa moto wake ndi waukali, koma ilibe pochepetsera. Ndiye kankhirani makala mbali imodzi musanayambe, kuti mukhale ndi mbali yotentha ndi mbali yofunda, kapena ikani njerwa pambali yotsitsirapo chiwaya. Adyo ndi batala wakumapeto ziphikireni chiwaya chili pansi. Kutentha kotsala m'chitsulo n'kokwanira.

Kadulidwe nakonso kali ndi mbali. Adyo wosinja mumtondo kapena wopala amapserera m'masekondi ochepa ndipo ukali wake ndi woluma. Wodula mopyapyala amapirira moto ndipo amatsekemera. Ngati mumakonda adyo womveka, dulani timagawo 5 tokazinga, kamodzi kotsalako mukapale n'kukathira pamodzi ndi vinyo, pamene sikangapsererenso. Kamphukira kobiriwira ka pakati pa adyo wokhalitsa kachotseni. Ndipo mukaona adyo wasanduka wobiriwira kapena wabuluu atakumana ndi ndimu, musachite mantha, ndi asidi chabe, sapweteka. Pa tsabola, kambuzi amalowa bwino m'malo mwa wouma uja, koma theka la kamodzi ndi lokwanira anthu 4.

FUNSO: Kwathu sitigwiritsa mowa uliwonse. Anzanga akuti vinyo amauluka yense pophika. Ndi zoona? Ngati ayi, ndithire chiyani? Bambo wa ku Mangochi.

YANKHO: Si zoona. Miyezo ya nthambi ya zaulimi ya boma la America, USDA, imasonyeza kuti chakudya chowira kwa mphindi 15 chimatsalabe ndi pafupifupi 40 peresenti ya mowa umene unathiridwa, ndipo chowira ola lathunthu chimatsala ndi pafupifupi 25 peresenti. M'chiwaya chotambalala mowa umathawa msangako, koma msuzi wa scampi umawira mphindi zochepa zedi, ndiye wina amatsala. Ndi wochepa pa munthu mmodzi, koma ngati chifukwa chanu ndi chipembedzo, kapena pali wina amene anasiya mowa, musathire.

Ntchito ya vinyo mu msuziwu ndi kupereka madzi ndi kuwawasa. Ziwirizi mungazipeze kwina. Onjezerani msuzi wa makoko ukhale kapu yathunthu, ndiye poyamba muthire madzi makapu 2 pa makokowo. Pouphwetsa thiranimo supuni yaikulu imodzi ya madzi a ndimu, kapena masupuni a tiyi 2 a viniga woyera, kuphatikiza pa ndimu ya kumapeto ija. Juwisi wa mphesa kapena wa maapozi musayese. Shuga wake akaphwera amaphimba kukoma kwa prawn.

Kwa amene amathira vinyo: akhale wosatsekemera. Ku America amakonda Pinot Grigio, koma Chenin Blanc kapena Sauvignon Blanc wa ku South Africa, amene amapezeka mosavuta m'masitolo a kuno, amagwira ntchito yomweyo. Botolo lolembedwa semi-sweet libwezeni pashelefu.

FUNSO: Kuno ndinaitanitsa scampi pamalo odyera, n'kundibweretsera timibulu tokutidwa ndi nyenyeswa za buledi, tokazinga m'mafuta ambiri, ndi tchipisi pambali. Kodi anandinamiza? Achimwene a ku Nottingham.

YANKHO: Sanakunamizeni. Ku Italy scampi ndi dzina la kanyama kena ka m'nyanja, kachibale ka lobster (nkhanu yaitali ya m'nyanja), kokhala ndi zopanira zazitali zowonda, kamene asayansi amakatcha Nephrops norvegicus ndipo m'masitolo kamalembedwa langoustine. Kamapezeka kumpoto chakum'mawa kwa nyanja ya Atlantic, ku North Sea ndi mbali zina za Mediterranean monga Adriatic, ndipo ku Britain kambiri kamagwidwa ku Scotland. Angerezi amasenda michira yake, kuikuta ndi nyenyeswa za buledi n'kukazinga, ndiyo scampi mwadyayo. Ataliyana a ku America sanakapeze kanyamaka kumeneko, ndiye anaphika shrimp m'njira imene ankaphikira scampi kwawo, dzina n'kukhalira pomwepo.

Mukafuna mbale tikukambayi, gulani raw king prawns, otuwa aja, mutsate yankho loyamba. Mukapeza langoustine yeniyeni yaiwisi, iduleni pakati m'litali ndi makoko ake, muikazinge mbali ya nyama mphindi imodzi, mbali ya chikoko mphindi 2. Nyama yake ndi yofewa kuposa ya prawn ndipo sifuna soda.

FUNSO: Ndikathira msuzi pa sipageti umangotsikira pansi pa mbale. Komanso ana akufunsa ngati tingadyere nsima. Mayi wa ku Johannesburg.

YANKHO: Pasta simathiridwa msuzi pamwamba, imamalizikira kupsa mu msuzimo. Pa muyezo wa ma prawn magalamu 500 phikani pasta magalamu 350, linguine kapena sipageti, m'madzi malita 3 ndi mchere supuni yaikulu imodzi. Iponyeni m'madzi owira pa nthawi imene mukuyamba kukazinga ma prawn, kuti zonse zikumane. Ikatsala mphindi 2 kuti ipse, tungani kapu imodzi ya madzi ake muike pambali, muitsanule, osaitsuka ndiponso osaithira mafuta. Ilowe m'chiwaya msuzi utaphwera koma batala wozizira asanalowe. Onjezerani theka la kapu ya madzi munatunga aja, mutembenuze kwa mphindi imodzi kapena ziwiri, kenako batala, kenako ma prawn, pomaliza ndimu ndi parsley. Madzi a pasta ali ndi sitachi, amene amamatiza msuzi ku pasta ndi kuteteza batala kuti asalekane.

Nthawi yolembedwa pa paketi musaikhulupirire kwambiri kumene muliko. Johannesburg ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,750, ndipo madzi amawira pa madigiri 94 m'malo mwa 100, choncho pasta imachedwerako mphindi imodzi kapena ziwiri. A ku Dedza, Mzuzu, Lilongwe ndi Lusaka nawonso azilawa m'malo mongoyang'ana wotchi.

Za nsima tinene mosapsatira: sizigwirizana. Msuzi wa scampi ndi wochepa, wamafuta ndi wowawasa, wongokuta chakudya, osati wosunsa. Mukauchulukitsa ndi matimati ndi anyezi mupeza ndiwo yokoma ndithu, koma imeneyo ndi ina. Mpunga woyera, makamaka wonunkhira ngati Kilombero, umagwirizana nawo, ndipo buledi wokhuthala wootcha pang'ono ndiye amaposa zonse popukutira mbale.

FUNSO: Kodi ndingathiremo kirimu ndi tchizi? Wowerenga wa ku Zomba.

YANKHO: Kirimu safunika, kusalala kwa msuziwu kumachokera ku batala, ndipo kirimu amaphimba ndimu ndi adyo. Tchizi cha Parmesan ambiri ku America amawaza, pomwe ku Italy sachiika pa zakudya za m'nyanja. Ife tili kumbali ya Ataliyana, koma mbale ndi yanu.

FUNSO: Mlamu wanga amabwera ndi ma prawn kuchokera ku Beira. Ulendo watha ena anafika ndi mawanga akuda pamitu ndi pamiyendo, ndipo titawaika mufuliza magetsi anazima tsiku lonse. Kodi ndi odyekabe? Bambo wa ku Mwanza.

YANKHO: Muli ndi mwayi, Bambo, chifukwa ma prawn a ku Sofala Bank, amene amatsikira ku Beira ndi ku Quelimane, ndi otchuka kutali. Ku South Africa mpaka lero amawatcha LM prawns, potengera Lourenço Marques, dzina la Maputo mpaka 1976.

Mawanga akudawo pa okha si kuola. Amabwera chifukwa cha michere ya m'thupi la prawn ikakumana ndi mpweya, ndipo amangosonyeza kuti prawn yakhalitsako chiigwirireni. Woweruza ndi mphuno ndi chala. Prawn yabwino imanunkhira nyanja ndipo nyama yake ndi yolimba. Ikamveka fungo loluma la amoniya, ikamananda, kapena mutu ukamathothoka wokha nyama ili phalaphala, tayani. Moto sukonza zimenezo. Auzeni alamu kuti azithothola mitu asananyamuke ngati ma prawn ndi osaumitsa, chifukwa michere ya m'mutu ndi imene imayamba kufewetsa nyama. Mu cooler box ayisi achuluke kuposa ma prawn, pansi ndi pamwamba, ndipo madzi osungunuka azitayidwa panjira.

Za magetsi: fuliza yodzaza, yosatsegulidwa, imasunga kuzizira pafupifupi maola 48, yodzaza theka maola 24, pomwe furiji wamba ndi maola 4 okha. Ngati magetsi atayaka ma prawn akadali olimba kapena ali ndi ayisi m'kati, asiyeni aumenso. Ngati asungunuka koma akadali ozizira kwambiri, aphikeni tsiku lomwelo. Ngati afunda, musalawe n'komwe. Ma prawn ogulidwa kwa amalonda nthawi zambiri amathiridwa sulphite, wolembedwa E223, woletsa kudako, ndipo anthu ena a mphumu amadana naye.

FUNSO: Mwana wanga wa zaka 9 atadya ma prawn anatuluka ziwengo ndipo milomo inatupa. Kodi ndikawaphikitsa kwambiri zingathandize? Mayi wa ku Harare.

YANKHO: Ayi, Mayi, ndipo musayesenso kumupatsa. Chimene thupi lake likudana nacho kawirikawiri ndi puloteni yotchedwa tropomyosin, imene moto suiwononga. Ulendo wachiwiri ukhoza kukhala woopsa kuposa woyamba. Mutengereni kwa dokotala akamuone, ndipo tsiku lina akadzayamba kubanika, kutupa lilime kapena pakhosi, kusanza kapena kufooka atadya, thamangirani kuchipatala nthawi yomweyo, chifukwa pamafunika jakisoni wa adrenaline.

Kumuchotsera ma prawn m'mbale n'kumusiyira msuzi ndi pasta sikuthandiza, popeza puloteniyo imalowa mu msuzi ndi m'mafuta. Chiwaya, mthiko ndi thabwa lodulirapo zitsukidwe ndi sopo musanamuphikire chake, ndipo asaime pafupi pamene mukukazinga, chifukwa ena nthunzi yokha imawadwalitsa. Apewenso nkhanu ndi lobster. Chimene ambiri sadziwa n'chakuti tizilombo todyedwa monga ziwala, nkhululu ndi ngumbi tili ndi puloteni yofanana nayo, ndiye mufunse dokotala za zimenezinso. Nsomba zili ndi puloteni ina, ndipo ana ambiri odana ndi prawn amadya nsomba bwinobwino.

FUNSO: Zotsala ndingasunge mpaka liti? Wowerenga wa ku Tete.

YANKHO: Zilowe mufuriji pasanathe maola 2, ndipo kotentha ngati kwanuko pasanathe ola limodzi. Zidyedwe mawa lake. Potenthetsa tolani ma prawn muike pambali, mufunditse pasta ndi timadzi pang'ono pamoto wochepa, ma prawn abwerere theka la mphindi yomaliza.

FUNSO: Ndife a Seventh-day Adventist ndipo sitidya ma prawn, potsata Levitiko 11 amene amaletsa za m'madzi zopanda zipsepse ndi mamba. Kodi msuzi umenewu ungatheke ndi chambo? Mayi wa ku Thyolo.

YANKHO: Ungatheke, Mayi, ndipo chambo chimaukonda. Tengani minofu yopanda minga magalamu 500, yokhala ndi khungu lake, muidule zidutswa za masentimita 4 kapena 5. Soda musathire, mchere wokha. Pukutani ziume, muziwaze ufa watirigu pang'ono n'kukutumula wotsala. Ufawo umateteza nsomba kuti isamatirire ndipo umalimbitsako msuzi. Kazingani mbali ya khungu mphindi 2 mpaka 3, mbali inayo mphindi imodzi, muchotse. M'malo mwa makoko wiritsani mutu ndi minga kwa mphindi 20, mutachotsa makha chifukwa amawawitsa msuzi, ndipo tsatani njira yopanda vinyo imene tawauza Bambo a ku Mangochi. Chambo chimaphwanyika, choncho musachitembenuze pamodzi ndi pasta. Chiyaleni pamwamba n'kuchithira msuzi ndi supuni.

Nkhuku nayo imatheka, ndipo ku America amagulitsa chicken scampi m'malo odyera ambiri. Dulani chidali mizere yokhuthala sentimita imodzi, muiwaze ufa, mukazinge mphindi 3 mbali iliyonse. Kusiyana kwake ndi prawn n'kwakuti nkhuku ipse mpaka pakati isanachoke m'chiwaya, madigiri 74 ngati muli ndi chopimira kutentha, ndipo msuzi wake ukhale wa mafupa a nkhuku.